Mbiri ya Bungwe la MACRA ndi Ntchito Yogawa Mafunde a Wailesi m'Malawi

Bungwe la Malawi Communications Regulatory Authority, limene anthu ambiri amalidziwa ndi dzina lachidule lakuti MACRA, linakhazikitsidwa ndi lamulo la zotumiza ndi kufalitsa mauthenga limene Nyumba ya Malamulo inavomereza m'chaka cha 1998, ndipo linapatsidwa udindo woyang'anira ntchito za lamya, nyumba zoulutsira mawu ndi mapositi m'dziko lonse. Mwa ntchito zonsezi, imene anthu wamba saidziwa kwenikweni, chikhalirecho ndi imene zambiri zimatsamirapo, ndi yogawa ndi kulondera mafunde a wailesi, amene onse pamodzi akatswiri amawatcha sipekitiramu. Mbiri ya bungweli imamveka bwino ikaonedwa kuchokera kudera ngati la Kuti m'boma la Salima, kumene kuli nkhalango yosungirako nyama ya Kuti Wildlife Reserve, midzi ya alimi yoizungulira, ndi madooko a asodzi a ku Senga Bay chapafupi, chifukwa kumalo otere nthambo za lamya sizinafikepo pakhomo la munthu wamba, ndipo uthenga uliwonse wolowa kapena wotuluka m'mudzi umayenda pa mafunde amene bungweli linagawa.

Mafunde a wailesi ndi mphamvu ya magetsi ndi maginito yoyenda mumlengalenga pa liwiro la kuwala, limene ndi makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi imodzi, ndipo amasiyanitsidwa poona kuti funde likugwedezeka kangati pa sekondi. Muyeso wa kugwedezekako umatchedwa hertz, potengera dzina la Heinrich Hertz wa ku Germany amene anatsimikiza m'zaka za m'ma 1880 kuti mafundewa alipodi, ndipo megahertz imodzi, imene imalembedwa MHz, ndi kugwedezeka kokwana miliyoni imodzi pa sekondi. Wailesi za FM zimaulutsa pakati pa 87.5 ndi 108 MHz. Pamwamba pake, kuyambira 108 mpaka 137 MHz, ndi pa oyendetsa ndege ndi zipangizo zowalondolera. Sitima zapamadzi zimaitanira thandizo pa 156.8 MHz, ndipo foni zam'manja zinayambira pa chigawo cha 900 MHz zisanafalikire ku zigawo za 1800 ndi 2100 MHz. Pali zinthu ziwiri zimene zimachititsa kuti mafundewa asowe woyang'anira. Choyamba nchakuti zipangizo ziwiri zikaulutsa pa funde limodzi m'dera limodzi zimasokonezana, kotero kuti womvera samva chilichonse cholongosoka. Chachiwiri nchakuti mafunde onse sali ofanana mtengo, pakuti otsika amafika patali ndipo amapyola mitengo ndi makoma, pamene okwera amanyamula uthenga wochuluka koma amathera pafupi. Pa chifukwa chimenechi ntchito ya bungweli ikufanana ndi ya mfumu yogawa minda, imene imadziwa kuti dimba lachinyontho ndi lochepa, olifuna ndi ambiri, ndipo wopatsidwa malo nkuwagoneka osalima amamana chakudya mudzi wonse.

Bungweli lisanabadwe, nkhani ya mafunde inali yopepuka chifukwa wowagwiritsa ntchito wamkulu anali boma lokha. Mauthenga oyamba a magetsi anafika m'dziko muno pa nthambo ya telegalafu ya kampani ya African Transcontinental Telegraph, imene m'zaka za m'ma 1890 inadutsa ku Blantyre nkutsata gombe la nyanja kulowera ku Nkhotakota ndi Karonga, ndipo kuyambira nthawi ya atsamunda mpaka zaka 30 za ulamuliro wa chipani chimodzi, lamya ndi mapositi zinali m'manja mwa nthambi ya boma. Wailesi ya MBC, imene inakhazikitsidwa mu 1964, inali yokhayo ya dziko, ndipo wailesi yakanema kunalibe. Zinthu zinasintha pambuyo pa riferendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994, pamene malamulo oyendetsera dziko atsopano anapereka ufulu wolankhula ndi wofalitsa nkhani, ndipo boma linatsegula khomo kwa amalonda. Nthambi ya lamya ndi mapositi inasanduka kampani ya boma yotchedwa Malawi Posts and Telecommunications Corporation, ndipo mu 1995 kampaniyi inagwirizana ndi Telekom Malaysia nkukhazikitsa Telekom Networks Malawi, TNM, kampani yoyamba ya foni zam'manja m'dziko muno, imene magawo 60 pa 100 aliwonse anali a ku Malaysia. Apa ndi pamene vuto linaonekera poyera, pakuti kampani ya boma imene inkachita malonda a lamya, komanso inali ndi gawo mu TNM, sikanatha kuweruza mwachilungamo pempho la wopikisana nayo wofuna mafunde omwewo. Ndondomeko ya boma ya 1998 inalekanitsa maudindo atatu, kuti unduna uzikonza mfundo, makampani azichita malonda, ndipo bungwe loima palokha lizipereka ziphaso ndi kuonetsetsa kuti malamulo akutsatidwa.

Zaka zoyambirira zinali zothina, chifukwa ntchito inabwera yonse nthawi imodzi bungwe lisanakhazikike. M'chaka cha 1999 kampani yachiwiri ya foni zam'manja, Celtel, inayamba ntchito, Television Malawi inatsegulidwa, ndipo m'nyengo yomweyo kunabadwa wailesi zoima pazokha monga Power 101, Capital FM ndi Radio Maria ya ku Mangochi, pamodzi ndi wailesi ya m'dera ya Dzimwe ku Monkey Bay. M'chaka cha 2000 kampani ya boma ija inagawidwa pawiri kukhala Malawi Telecommunications Limited, MTL, ndi Malawi Posts Corporation, ndipo zonse ziwiri zinayenera kukhala pansi pa woyang'anira watsopano amene anali wamng'ono kwa izo pa kukula ndi pa chuma chomwe. Pa nthawiyo lamya zanthambo zinali zosakwana imodzi pa anthu 100 aliwonse, zambiri zili ku Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Bungwe latsopanoli, limene likulu lake linakhala kwa zaka zambiri pa msewu wa Salmin Amour ku Blantyre, linayenera kulemba kaundula wodalirika wa amene anali kale pa mafunde, kuyambira apolisi, asilikali, a ndege ndi a njanji mpaka maesiteti ndi mamishoni okhala ndi mawailesi awoawo, kusula akatswiri a ntchito imene inali isanaimepo payokha m'dziko muno, ndi kugula zipangizo zoyezera mafunde zimene zimagulidwa ndi ndalama zakunja.

Mafunde salemekeza malire a mayiko, choncho MACRA sigawa monga mwa kufuna kwake. Malawi ndi membala wa International Telecommunication Union, ITU, bungwe limene linayamba ku Paris mu 1865 ndipo tsopano ndi nthambi ya United Nations yokhala ku Geneva. ITU inagawa dziko lapansi m'zigawo zitatu, ndipo Africa ili m'chigawo choyamba pamodzi ndi Ulaya ndi mayiko a Aluya. Pakapita zaka zitatu kapena zinayi mayiko amakumana pa msonkhano waukulu wa zamafunde kuti aunikenso malamulo, monga anachitira ku Sharm el-Sheikh mu 2019 ndi ku Dubai mu 2023. Kugawa kwa mafunde kumayenda m'masitepe atatu amene nkofunika kuwasiyanitsa. Loyamba ndi kupatula chigawo cha mafunde kuti chikhale cha mtundu wina wa ntchito, monga kuulutsa mawu kapena foni zam'manja, ndipo zimenezi zimalembedwa m'ndandanda wa dziko wa kagawidwe ka mafunde. Lachiwiri ndi kugawira madera kapena mayiko oyandikana njira zoti aliyense agwiritse ntchito popanda kulowerana. Lachitatu ndi kupereka funde lenileni kwa kampani kapena nyumba youlutsira mawu, pamodzi ndi malire a mphamvu ya makina ake ndi malo oimikapo nsanja. M'chigawo chakumwera kwa Africa mabungwe oyang'anira amagwirizana kudzera mu CRASA, imene inayamba mu 1997 ndi dzina lakuti TRASA, ndipo amatsata ndandanda umodzi wa mayiko a SADC. Kwa anthu a m'mphepete mwa nyanja mgwirizanowu si nkhani ya m'mabuku chabe, chifukwa pamwamba pa madzi palibe phiri kapena nkhalango yotchinga, ndipo mafunde amayenda mtunda wautali kuposa pamtunda. Nsanja ya pagombe la Salima kapena la Nkhotakota ikhoza kumveka kutsidya, kumene kuli dera la Makanjira ndi chigawo cha Niassa cha Mozambique, ndipo ya kutsidyako ikhoza kumvekanso kuno, mpaka foni ya msodzi kulumphira pa netiweki ya dziko lina iye osadziwa.

Kukula kwa foni zam'manja ndi kumene kunapatsa bungweli dzina ndi chuma. Chigawo choyambirira cha 900 MHz chili ndi 25 MHz yochokera ku foni kupita ku nsanja ndi 25 MHz ina yobwerera, ndipo popeza njira iliyonse ya luso la GSM imatenga gawo limodzi mwa magawo asanu a megahertz, njira zonse zimakwana 124 zokha, zoti makampani onse agawane. Chimene chimapangitsa kuti njira zochepa chonchi zitumikire anthu mamiliyoni ndi kubwereza, kutanthauza kuti funde limene likugwira ntchito pa nsanja ya ku Salima likhoza kugwiranso ntchito pa nsanja ina yotalikirana nayo mokwanira, ndipo makasitomala akachuluka kampani imayenera kuonjezera nsanja kapena kupempha mafunde ena. Celtel inasintha dzina kukhala Zain mu 2008, kenako Airtel mu 2010 itagulidwa ndi kampani ya Bharti Airtel ya ku India. TNM inabwerera m'manja mwa Amalawi ndipo inalowa pa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange mu 2008, pamene Airtel Malawi inalowapo mu 2020. Luso la 3G, limene linabweretsa intaneti yothamangirapo pa foni, linafika chakumapeto kwa zaka za m'ma 2000, ndipo la 4G linatsatira, TNM mu 2016 ndi Airtel mu 2018. Airtel Money itayamba mu 2012 ndi Mpamba mu 2013, mafunde anasanduka njira yodutsamo ndalama, kotero kuti wogula usipa ku Senga Bay, mlimi wa mpunga ku Lifuwu ndi mlendo wosungitsa malo ogona ku Kuti onse anayamba kudalira nsanja imodzimodzi, ndipo netiweki ikadukiza malonda a tsikulo amaima.

Gawo la mbiriyi limene lili ndi phunziro lalikulu ndi la kufunafuna kampani yachitatu ya foni zam'manja, ntchito imene yatenga zaka zoposa 20. Mu 2002 bungweli linapereka chiphaso kwa Malawi Mobile Limited, koma kampaniyo sinayambe ntchito pa nthawi imene inapatsidwa, chiphaso chinalandidwa mu 2005, ndipo mlandu umene unabuka unayenda m'makhothi a m'dziko muno mpaka kukafika ku khothi la COMESA. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 2000 chiphaso china chinapita kwa G-Mobile, ndipo mu 2011 china chinapita kwa Celcom, koma onsewa sanafike potumikira anthu. Access Communications, imene inalandira chiphaso cha kampani yachiwiri ya lamya za m'nyumba ndi m'maofesi, inayamba ntchito pogwiritsa ntchito luso la CDMA, koma sinakule kufika pogwedeza makampani awiri akuluakulu aja. Zimene zinachitikazi zikuonetsa kuti chiphaso pachokha sichimanga nsanja, pakuti nsanja iliyonse imafuna zitsulo, makina ndi mabatire ogulidwa kunja, msewu wofikirako, alonda, ndi magetsi amene kumidzi yambiri amachokera ku jenereta kapena ku mphamvu ya dzuwa, ndipo m'dziko limene ndalama zakunja zimasowa kawirikawiri wobwera kumene amatopa asanapeze kasitomala woyamba. Choipa kwambiri nchakuti chaka chilichonse chimene mafunde asungidwira kampani yosagwira ntchito ndi chaka chotayika, chifukwa mafunde sakhala ngati chimanga cha m'nkhokwe choti chidzadyedwe mtsogolo; amene sanagwiritsidwe ntchito lero apita osapindulira aliyense.

Nkhaniyi ikukhudza funso limene mabungwe onse otere amalimbana nalo, lakuti mafunde aziperekedwa motani. Njira imodzi ndi younika mapempho, pamene bungwe limayerekeza luso, chuma ndi malonjezo a ofunsira nkusankha amene laona kuti ngoyenera, ndipo iyi ndi imene Malawi yakhala ikutsata kwa zaka zambiri. Njira ina ndi ya okushoni, pamene wopereka ndalama zambiri ndi amene amatenga. Dziko la Britain linapeza mapaundi 22.5 biliyoni pogulitsa mafunde a 3G mu 2000, Nigeria inagulitsa ziphaso za GSM pa madola 285 miliyoni chilichonse mu 2001, ndipo South Africa inapeza marandi oposa 14 biliyoni mu 2022. Ndalama zotere zimakopa boma lililonse losowa chuma, koma kwa dziko ngati Malawi, limene kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 84 pa 100 aliwonse amakhala kumidzi, mtengo wokwera wa mafunde umabwerera kwa wogula mayunitsi, ndipo kampani imene yawononga chuma chake pogula chiphaso imayamba kumanga m'mizinda kumene phindu limabwera msanga, nkusiya madera ngati Kuti kumapeto. Njira younika nayo ili ndi chilema chake, chakuti imafuna kuti zonse zichitikire poyera, apo ayi anthu amayamba kukayikira kuti chiphaso chaperekedwa mokondera. Chimene mbiri ya Malawi ikuphunzitsa nchakuti, njira iliyonse imene yasankhidwa, chiphaso chiyenera kunena momveka madera oti afikiridwe ndi nthawi yake, ndipo wolephera alandidwe mafundewo msanga.

Kuima palokha kwa bungweli kwayesedwa kangapo, makamaka pa nkhani za nyumba zoulutsira mawu, kumene funde limakhudzana ndi ndale. Kutsekedwa kwa Joy Radio mu 2008 kunakafika kukhothi, ndipo makina a CIRMS, amene bungweli linagula cha m'ma 2010 kuti liziyezera ubwino wa netiweki ndi kuchuluka kwa mafoni odutsa m'makampani, anthu anawatcha makina aukazitape poopa kuti azimvetsera zokambirana zawo, kotero kuti anakhala zaka zingapo m'makhothi mpaka khothi lalikulu la apilo linalola kuti agwire ntchito. Mu 2022 bungweli linalanda ziphaso za nyumba zingapo zoulutsira mawu ndi zakanema chifukwa cha ngongole za malipiro a chaka ndi chaka, ndipo eni ake anadandaula kuti malipirowo amawerengedwa m'madola pamene iwo amapeza makwacha, amene anatsika mphamvu ndi 25 pa 100 mu May 2022 ndiponso ndi 44 pa 100 mu November 2023. Mbali zonse ziwiri zinali ndi mfundo, pakuti funde la FM logwiridwa ndi wosalipira likanatha kupita kwa wina amene ali pamzere, komabe wailesi ya m'dera, imene imadalira timalonda ta pamsika ndi mauthenga a maliro, singayezedwe ndi muyeso wa kampani ya foni.

Kusintha kwakukulu kwa kagawidwe ka mafunde kunabwera ndi kusamuka kwa wailesi yakanema kuchoka pa luso lakale la analogi kupita pa la dijito. Pa msonkhano wa ku Geneva wa 2006 mayiko a mu Africa ndi Ulaya anagwirizana kuti pofika pa 17 June 2015 kanema wa analogi wa pa mafunde a UHF asadzatetezedwenso, ndipo mayiko a SADC anasankha luso la DVB-T2, limene limalola kuti njira imodzi ya 8 MHz, imene kale inkanyamula kanema mmodzi, inyamule makanema ambiri nthawi imodzi. Ku Malawi boma linakhazikitsa kampani ya Malawi Digital Broadcast Network Limited kuti izinyamula makanema a nyumba zosiyanasiyana pa nsanja zake, ndipo dikoda yake inatchuka ndi dzina lakuti Kiliye Kiliye. Phindu lenileni la kusamukaku silinali kuwala kwa zithunzi kokha ayi, koma mafunde amene anamasuka kanema atapanikizidwa pakati pa 470 ndi 694 MHz. Misonkhano ya ITU ya 2007, 2012 ndi 2015 inapatula zigawo za 800 ndi 700 MHz kuti zikhale za foni zam'manja, ndipo zigawo zimenezi ndi zimene zili ndi tanthauzo kwa dera la chigwa cha nyanja, kumene midzi ndi yotalikirana ndipo mitengo imafooketsa mafunde okwera, chifukwa nsanja imodzi ya pa 800 MHz imakuta dera lokula kangapo kuposa ya pa 2100 MHz, ndipo potero mtengo wofikitsira intaneti kwa munthu mmodzi wa kumudzi umatsika.

Pa nkhani yogwiritsa ntchito mipata yotsala pakati pa njira za kanema, Malawi inali m'gulu la mayiko oyambirira mu Africa. Mu 2013 nthambi ya fizikisi ya Chancellor College ku Zomba, mogwirizana ndi MACRA ndi bungwe la International Centre for Theoretical Physics la ku Trieste ku Italy, inayesa kutumiza intaneti pa mafunde a kanema amene sankagwiritsidwa ntchito m'deralo, luso lotchedwa TV White Spaces, ndipo inalumikiza malo monga sukulu ya sekondale ya atsikana ya St Mary's ndi chipatala cha Pirimiti. Kuyesaku kunaonetsa kuti kumidzi mafunde ambiri amene pa pepala ndi ogawidwa amakhala ali chete, ndiponso kuti woyang'anira akhoza kulola ena kuwabwereka bola asasokoneze mwini wake.

Lamulo la 1998 linalembedwa pa nthawi imene lamya, wailesi ndi kompyuta zinali zinthu zosiyana, ndipo foni itayamba kunyamula zonsezi pamodzi lamulolo linachepa. Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano mu 2016, limene linayamba kugwira ntchito mu 2017, pamodzi ndi lamulo lina loona za malonda ndi chitetezo cha pa intaneti. Lamulo latsopanoli linasiya kupereka ziphaso potsata mtundu wa makina, nkuyamba kuzipereka potsata gawo la ntchito: pali chiphaso cha mwini zipangizo monga nsanja ndi nthambo za fiber, cha woyendetsa netiweki, cha wopereka ntchito kwa kasitomala, ndi cha wokonza mapulogalamu oulutsidwa, pamene chiphaso cha mafunde chimaperekedwa pachokha. Linakhazikitsanso thumba la Universal Service Fund, limene limalandira gawo la ndalama zimene makampani amapereka, kuti lithandize kufikitsa mauthenga kumadera kumene wamalonda sangapezeko phindu. Bungweli limatsogozedwa ndi bodi imene mamembala ake amasankhidwa ndi mtsogoleri wa dziko ndi kutsimikizidwa ndi komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za maudindo a boma, ndipo ntchito za tsiku ndi tsiku zili m'manja mwa mkulu wa bungwe, amene pansi pake pali nthambi za lamya ndi mafunde, zoulutsa mawu, zamapositi, zamalamulo, zachuma ndi zoteteza ogula. Chuma chake chimachokera ku malipiro a ziphaso, a mafunde ndi msonkho wa pa zopeza za makampani, ndipo limatumikira anthu kudzera m'maofesi a ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu.

M'boma ngati la Salima, limene mu 2018 linali ndi anthu pafupifupi 480,000, ntchito za nthambi ya mafunde zimakhudza anthu ambiri kuposa makampani a foni okha. Malo osungirako nyama, makampani a alonda ndi mahotela a m'mbali mwa nyanja amene amagwiritsa ntchito mawailesi a m'manja, amene anthu amawatcha ovaova, amayenera kupempha funde lawo, chifukwa mlonda wa m'nkhalango amene akutsata opha nyama mozemba kapena moto wolusa sangadalire netiweki ya foni imene imasowa m'malo ena. Wailesi ya m'dera ya Chisomo ili ndi funde lake la FM ndi malire a mphamvu yake. Asilikali a ku sukulu ya usilikali ya MAFCO ndi a ku Senga Bay ali ndi zigawo zosungidwira chitetezo cha dziko. Ndipo mbale zozungulira zimene zimaoneka pa nsanja zimalumikiza nsanja ina ndi inzake pa mafunde okwera kwambiri amene nawonso amalipiridwa. Mafunde a Wi-Fi a pa 2400 MHz ndi 5000 MHz munthu amawagwiritsa ntchito m'nyumba popanda chiphaso chakechake, koma mphamvu ya chipangizo ili ndi malire. Bungweli limayezanso ndi kuvomereza mitundu ya zipangizo zisanagulitsidwe m'dziko, pakuti chipangizo chopangidwira ku America kapena ku Asia chikhoza kuulutsa pa funde limene kuno ndi la ntchito ina, ndipo tizipangizo tokuzira netiweki togulidwa mwachisawawa timagonthetsa nsanja yonse, anthu a mudzi wonse nkumadandaula osadziwa gwero lake. Dandaulo la kusokonezana likafika, akatswiri amapita ndi zipangizo zoyezera, kulondola kumene fundelo likuchokera ndi kulamula kuti lizimitsidwe.

M'zaka zaposachedwa ntchito ya bungweli yakula mbali zingapo. Kulembetsa masimu khadi kunakhwimitsidwa mu 2018. Mu 2022 ziphaso zatsopano za foni zam'manja zinaperekedwa kwa Nyasa Mobile ndi Malcel. Mu 2023 TNM inayamba kuyesa luso la 5G, ndipo m'chaka chomwecho Starlink inayamba kupereka intaneti ya pa setilaiti m'dziko muno, imene imafika kulikonse kumene kumwamba kuli koyera, ngakhale kuti mtengo wa zipangizo zake ndi woti mahotela, masukulu ndi mabungwe ndi amene angaukwanitse, osati banja la mlimi. Kudzera mu thumba lija la Universal Service Fund bungweli lakhala likuthandiza kumanga nsanja kumadera osafikiridwa, kuika makompyuta m'masukulu pa ndondomeko ya Connect a School, ndi kulimbikitsa magulu a m'madera kuti aziyendetsa okha intaneti yotsika mtengo pa ndondomeko ya Yathu Yathu Data, ndipo lamulo la 2024 loteteza mbiri ndi zinsinsi za anthu linaonjezera udindo wina pa mapewa ake. Zolinga zimene zili patsogolo pake ndi kumasula mafunde ena a 4G ndi 5G, kulola kuti zigawo zakale za 2G ndi 3G zigwiritsidwe ntchito ndi luso latsopano popanda kutaya anthu ambiri amene akadali ndi tifoni ta mabatani, kulimbikitsa makampani kubwerekana nsanja, kukonza malire a mafunde ndi Mozambique, Zambia ndi Tanzania, ndi kukonzekera msonkhano wa ITU wa 2027, umene mwa zina udzakambirana za masetilaiti olankhula mwachindunji ndi foni wamba. Mafumu, makhansala ndi makomiti a chitukuko a m'dera la Kuti ndi madera ena a m'mbali mwa nyanja ali ndi ufulu wokatula ku bungweli madandaulo a malo amene netiweki sifika kapena imadukaduka, ndiponso wopereka maganizo awo pamene bungweli laitana anthu kuti akambirane malamulo atsopano a mafunde, ndipo nkofunika kuti aziugwiritsa ntchito ufulu umenewu, popeza malipoti otere amathandiza bungweli kudziwa madera oyenera kuyambirira pogawa ndalama za thumba lija.